Ulendo wa ku Mars—Kodi Wotuma Ali ndi Thayo Lotani?

PA April 26, 1993, chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Columbia chinanyamuka ku Florida, United States, chitanyamula amuna asanu ndi aŵiri. Koma amunawo sanali okha. M'timabokosi tamadzi munali tiana tansomba tongoswedwa kumene, ta mtundu umene asayansi amautcha Oreochromis mossambicus. Anthu a ku Chigwa cha Shire amaidziŵa nsomba imeneyi ndi dzina lakuti makakana. Ili pachibale chenicheni ndi chambo, nsomba imene asodzi a ku Mbamba Bay, kugombe la ku Tanzania la Nyanja ya Malaŵi, amakondwera akaipeza mu ukonde wawo.

Kodi nsomba zinali kukatani kumwambako? Ngati munadyapo mutu wa nsomba modekha, mwinamwake munapezamo timiyala toyera, tolimba. Timiyala timeneti timakhala m'khutu lamkati la nsombayo, ndipo kulemera kwake ndiko kumauza ubongo kumene kuli pansi ndi kumene kuli kumwamba. Nanunso muli nato m'makutu mwanu, kungoti tanu ntating'ono kwambiri moti simungatione ndi maso. Chombo chikamazungulira dziko lapansi, zonse za m'kati mwake zimaleka kulemera, ndipo timiyalato timasoŵa chouza ubongo. Nsomba zina zimayamba kusambira mozungulirazungulira monga zothiridwa katupe. Munthu amamva chizungulire ndi nseru, ndipo oposa theka la oyenda m'mlengalenga amadwala motero m'masiku oyambirira. Asayansi a ku Germany anafuna kudziŵa mmene timiyalato ndi ubongo zimakulira popanda kulemera. Nsomba za mtundu umenewu zinatumizidwanso mu 2007 ndi mu 2013 pa zombo za Russia zopanda anthu. Paulendo wa 2013 zonse zinafa, makina osamalira madzi awo atawonongeka.

Ntchito yotereyi, yofufuza zimene zimachitikira chamoyo chikachoka padziko, siimveka kwenikweni m'nyuzi. Ndiponso ndiyo imayamba kumanidwa ndalama pamene bajeti yathina. Zimenezi zikudzutsa funso limene si la asayansi okha: Kodi munthu wotuma mnzake kumalo oopsa ali ndi thayo lotani lakudziŵa ngozi za kumaloko? Ndipo ngati iye waleka dala kufufuza, kodi mlandu ngwa yani zinthu zikaipa?

Kodi Nziti Zimene Zikudulidwa?

Mu May 2025 boma la United States linapempha Nyumba ya Malamulo ya dzikolo kuchepetsa ndalama za NASA, bungwe lake la zam'mlengalenga, kuchoka pa madola mabiliyoni 24.8 kufika pa mabiliyoni 18.8. Ndalama za sayansi zinayenera kudulidwa ndi 47 peresenti. Nthambi yofufuza mmene zamoyo ndi zinthu zina zimachitira m'mlengalenga, imene inkalandira madola mamiliyoni 87.5 pachaka, inayenera kutsala ndi mamiliyoni 25 okha. Chiŵerengero cha anthu okhala pa International Space Station, siteshoni yofufuzirapo imene imazungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 400, chinayenera kuchepetsedwa pamodzi ndi ntchito yawo yofufuza. Komabe pempho lomwelo linapatula madola mabiliyoni oposa 7 a maulendo a ku mwezi ndi biliyoni inanso yokonzekera ulendo wa ku Mars.

Zaka ziŵiri zokha zimenezi zisanachitike, mu 2023, bungwe la akatswiri asayansi a dzikolo lotchedwa National Academies linali litalangiza kuti ndalama za nthambi yomweyo ziwonjezedwe kuŵirikiza kakhumi ngati anthu ati akakhale kutali ndi dziko kwa nthaŵi yaitali.

Nzoona kuti mu January 2026 Nyumba ya Malamulo inakana mbali yaikulu ya pempholo nipatsa NASA madola mabiliyoni 24.4. Nzoonanso kuti NASA ili ndi nthambi ina yoona za thanzi la oyenda m'mlengalenga, yokhala ndi thumba lakelake, ndi kuti olemba pempholo anati kufufuza kotsalako kudzalunjika pa zofunikira ulendo wa ku mwezi ndi ku Mars. Koma podzafika nthaŵi imene aphungu anavota, antchito a NASA pafupifupi 4,000 anali atasankha kale kusiya ntchito. Ndipo aka sikanali koyamba. Mu January 2004 Pulezidenti George W. Bush analengeza kuti Aamereka adzabwerera ku mwezi. Zina za ndalama zopangira maroketi atsopano zinatengedwa ku ntchito yofufuza pa siteshoni ija, ndipo ofufuza zamoyo ambiri anasiyidwa manja ali m'khosi. Mu 2010 programu ya maroketiwo nayonso inathetsedwa, itadya madola mabiliyoni pafupifupi 9. Mwezi sunafikidwe, ndipo zaka zofufuza zinali zitapita.

Funso la Sisitere wa ku Zambia

Mwinamwake mukuti: 'Zisiyeni zidulidwe! Kodi nkuderanji nkhaŵa ndi mafupa a munthu wopita ku Mars pamene ana akufa ndi malungo m'midzi mwathu?' Funso limeneli nlolemera, ndipo silachilendo. Mu 1970 sisitere wina wachikatolika wotumikira ku Zambia, Mary Jucunda, analembera kalata Ernst Stuhlinger, mmodzi wa akuluakulu asayansi a NASA, kumfunsa mmene angalingalirire zowonongera mabiliyoni paulendo wa ku Mars pamene ana ambirimbiri padziko akufa ndi njala. Stuhlinger anayankha mwaulemu pa May 6, 1970. Iye anasimba za mfumu ina ya ku Germany ya m'zaka mazana apitawo imene inasunga mmisiri wopera magalasi pamene anthu ake anali kufa ndi mliri. Anthuwo anaŵiringula, koma ntchito yonga ya mmisiriyo ndiyo inabala maikulosikopu, chipangizo chimene chinadzaonetsa madokotala tizilombo toyambitsa matenda. Anatinso masetilaiti adzathandiza alimi kudziŵa za mvula ndi nthaka.

Mbali ina ya yankholo inakwaniritsidwa. Chenjezo la mphepo yamkuntho limene msodzi amamva pawailesi limachokera pa zithunzi za masetilaiti. Koma setilaiti simafuna munthu m'kati mwake, ndipo kunena zoona, phindu limene mayi woyanika usipa pathandala ku Liuli wapeza ndi mapazi a anthu 12 amene anaponda mwezi nlovuta kuliloza ndi chala. Aliyense wonena kuti ulendo wa ku Mars ungayembekeze kufikira njala itachepa ali ndi mfundo imene sinayankhidwebe mokhutiritsa.

Komabe taonani kumene ndalamazo zinali kupita. Pempho la 2025 silinachotse ndalama kwa ofufuza kuti zikagulire mankhwala a malungo. M'chaka chomwecho boma lomwelo linatseka USAID, bungwe limene kwa zaka zambiri linkathandiza kugula maneti oteteza ku udzudzu ndi mankhwala m'Tanzania, Malaŵi, Zambia ndi Mozambique, ndipo linapempha kuti ndalama za asilikali zikwere ndi 13 peresenti. Malinga ndi bungwe lofufuza za mtendere la ku Stockholm, Sweden, mitundu ya dziko lapansi inawonongera madola mabiliyoni 2,718 pa zankhondo mu 2024. Paliŵiro limenelo, ndalama za chaka chathunthu za nthambi yofufuza zamoyo ija zimatha m'mphindi zosakwana 20! Chotero wanjala sanapindule kanthu. Ulendo nawonso sunaimitsidwe. Chimene chinayenera kuchepetsedwa ndicho chidziŵitso chotetezera woyenda ulendowo. Funso la sisitereyo limatsutsa ulendo wonsewo, koma silingalungamitse ulendo wopitirira popanda kufufuza.

Mwini Boti ndi Antchito Ake

Anthu okhala m'mphepete mwa nyanja angaimve msanga nkhaniyi. Mbamba Bay ndi likulu la boma la Nyasa, limene linakhazikitsidwa mu 2012, ndipo ili moyang'anizana ndi Nkhata Bay wa ku Malaŵi. Usiku wopanda mwezi nyali za asodzi a usipa, umene kumeneko amautcha dagaa, zimandanda pamadzi ngati mudzi. Kaŵirikaŵiri mwini boti, injini ndi ukonde satsika nawo m'madzi. Amatsala kumtunda kuyembekezera nsomba. Amene amapita ndi anyamata olembedwa ntchito, motsogozedwa ndi munthu wodziŵa nyanja, amene asodzi a ku Malaŵi amamutcha siginala.

Tsono talingalirani mwini boti wina amene wapeza ndalama. Iye akugula boti lalikulu ndi injini yamphamvu, nalipaka utoto woŵala kuti onse padoko alione. Akulengeza kuti boti lake lidzakapha nsomba pakati penipeni pa nyanja, kumene anzake safika. Ndiyeno, pofuna kubweza ndalama zimene wawononga, akuchotsa ntchito mkulu uja wodziŵa kuŵerenga mitambo, akuleka kugula mabatire a wailesi, ndipo majekete opulumutsira akuti adzagula chaka chamaŵa. Anyamatawo akuvomera kupita, pakuti botilo nlokongola ndipo malipiro ngabwino. Mwezi ndi wa July, nyengo ya mwera. Boti likapanda kubwerera, kodi akulu a mudzi adzati inali ngozi chabe? Kodi adzati anyamatawo anadzifunira okha? Kutalitali! Adzafunsa mwini botiyo chifukwa chimene anapezera ndalama za utoto koma osati za majekete.

Nyanja imeneyi inaphunzitsa kale anthu kuti utsopano wa chombo sindiwo chitetezo. Pa July 30, 1946, sitima yatsopano yotchedwa Vipya inagubuduzika ndi namondwe pafupi ndi Chilumba, kumpoto chakumadzulo kwa Mbamba Bay kutsidya la nyanja, ndipo anthu 145 anamira.

Nanga nchifukwa ninji anthu anzeru amabwereza cholakwa cha mwini botiyu? Chifukwa china nchakuti chombo chimaoneka koma chidziŵitso sichioneka. Mu September 2024 khamu linasonkhana ku Mbamba Bay pamene Pulezidenti Samia Suluhu Hassan anaika mwala wa maziko wa doko latsopano. Doko nlofunikadi, ndipo palibe angadandaule nalo. Koma kodi munaonapo khamu likuwombera m'manja munthu woyesa kuya kwa madzi kapena woŵerenga mazira m'mimba mwa chambo? Nchimodzimodzinso ndi roketi. Ikamanyamuka, moto uli lawilawi, dziko lonse limaonerera, ndipo wolamulira aliyense amafuna kujambulidwa pambali pake. Mu 2022 mkulu wofufuza za kayendetsedwe ka ndalama ku NASA anauza aphungu kuti ulendo uliwonse mwa maulendo anayi oyambirira a programu ya ku mwezi yotchedwa Artemis udzadya madola mabiliyoni 4.1. Ndalama za kunyamuka kumodzi kokhako zingalipirire nthambi yofufuza zamoyo ija kwa zaka zoposa 40.

Pano nkovuta kusakumbukira Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi wa ku Zambia amene mu 1964 analengeza kuti dziko lake lidzatumiza anthu ku mwezi ndi ku Mars. Anapempha mapaundi mamiliyoni 7 ku UNESCO ndipo sanalandire kanthu. Atolankhani akunja anamseka poona achinyamata ake akukunkhulizidwa m'migolo pachitunda pafupi ndi Lusaka kuti azoloŵere kusalemera. Mgolo sungaphunzitse zimenezo, inde. Komatu munthu wopanda roketi yeniyeniyo anayambira pamalo oyenera, pathupi la woyenda ulendoyo.

Zimene Thupi Limakumana Nazo

Thupi la munthu limadalira mphamvu yokoka ya dziko lapansi kuposa mmene ambirife timaganizira. Mafupa a m'chiuno ndi a m'miyendo akaleka kusenza thupi, amayamba kusungunuka, akumataya 1 peresenti kapena kuposapo ya kulimba kwake mwezi uliwonse, pokhapokha munthuyo atachita maseŵero olimbitsa thupi pafupifupi maola aŵiri patsiku, ndipo ngakhale pamenepo kutayako sikutheratu. Minofu imafota. Madzi a m'thupi amakwera kumutu, nkhope imatupa, ndipo mwa ambiri okhala kumwambako miyezi yambiri kumbuyo kwa diso kumaphwatalala ndipo kaonedwe kamasintha. Madokotala anazindikira bwino vuto la masoli patapita zaka pafupifupi 50 chiyambire maulendo a m'mlengalenga, ndipo kufikira lero sanagwirizanebe za choyambitsa chake chenicheni. Ngati vuto lalikulu chotero linabisala kwa zaka zonsezo, kodi ndi angati ena amene sanaonekebe?

Munthu amene anakhalitsa m'mlengalenga paulendo umodzi ndi dokotala wa ku Russia, Valeri Polyakov, amene anatha masiku 437 pa siteshoni ya Mir mu 1994 ndi 1995. Ulendo wa ku Mars, kupita, kukhala ndi kubwera, ungatenge pafupifupi zaka zitatu.

Ndiyeno pali cheza chowononga chochokera kudzuŵa ndi kunyenyezi zakutali, chimene chimaboola makoma a chombo ndi kuvulaza maselo a thupi, chikumawonjezera ngozi ya kansa. Pano padziko mpweya ndi mphamvu ya maginito ya dziko zimatiphimba ngati denga, moti munthu wamba amalandira pafupifupi mamilisiveti 2.4 a cheza pachaka. Polyakov ndi onse okhala pa masiteshoni anali akali pansi pa mbali ina ya dengalo. Pakati pa 1968 ndi 1972 anthu 24 okha ndiwo anatulukamo kupita ku mwezi, ndipo palibe ulendo wawo umene unakwana milungu iŵiri. Chipangizo choyesera cheza chimene chinali m'chombo chonyamula galimoto yofufuzira yotchedwa Curiosity, paulendo wake wa ku Mars mu 2011 ndi 2012, chinasonyeza kuti munthu wopita ndi kubwera angalandire pafupifupi mamilisiveti 660 panjira pokha, osaŵerengera nthaŵi yokhala pa Mars. Lamulo la NASA lenilenilo limati woyenda m'mlengalenga asapyole mamilisiveti 600 pantchito ya moyo wake wonse.

Kodi mwaona pamene pali vuto? Kuti ulendowo uchitike, pali njira ziŵiri. Yoyamba ndiyo kupeza zotchingira zabwinopo, mankhwala oteteza maselo, kapena injini zofupikitsa ulendo, ndi kudziŵa bwino lomwe zimene cheza cha mtundu umenewu chimachita ku ubongo ndi kumtima. Imeneyi imafuna ndalama, mbeŵa zoyeserapo, ndi zaka zambiri, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Njira yachiŵiri ndiyo kulemba chikalata cholola kuti lamulolo lilumphidwe paulendo umenewo. Imeneyi imafuna cholembera chokha. Dola iliyonse yochotsedwa panjira yoyamba imakankhira olamulira kunjira yachiŵiri.

Ndiponso kutali kwake kumasintha zonse. Mu January 2026 anthu anayi anabwezedwa msanga kuchokera pa International Space Station chifukwa mmodzi wa iwo anadwala, nthaŵi yoyamba kuti zotere zichitike pa siteshoniyo. M'maola oŵerengeka anali atatera panyanja pafupi ndi California. Wodwala ali pa Mars sangabwezedwe motero. Ngakhale mawu ake opempha uphungu wa dokotala angatenge mphindi 22 kuti afike padziko lapansi, ndi mphindi zina 22 kuti yankho limpeze.

'Koma Anavomera Okha'

Ena amati oyenda m'mlengalenga sali ngati anyamata aumphaŵi a mwini boti uja. Iwo ndi anthu ophunzira kwambiri, madokotala, mainjiniya ndi oyendetsa ndege, amene amalimbirana mwaŵi wa kupita. Amadziŵa kuti angafe. Kodi si kuwapeputsa kuwaletsa kuika moyo wawo pachiswe kaamba ka chinthu chimene amachiona kukhala chachikulu? Ndi iko komwe, anthu oyamba kuwoloka nyanja zazikulu sanayembekezere kuti ngozi zonse zidziŵike.

M'mawu ameneŵa muli choonadi. Palibe ulendo wopanda ngozi, ndipo munthu woyembekezera kudziŵa zonse sadzachoka pakhomo. Kulimba mtima nkwabwino. Komabe pali kusiyana pakati pa chinthu chosadziŵika chifukwa palibe njira yochidziŵira ndi chinthu chosadziŵika chifukwa wina anakana kulipira wofufuza. Pamene Yuri Gagarin anazungulira dziko kwa mphindi 108 pa April 12, 1961, panali zambiri zimene palibe akanazidziŵa. Ngakhale zinali tero, ndiponso ngakhale kuti Soviet Union inali pampikisano waliŵiro ndi United States, madokotala ake anayamba atumiza agalu. Laika anafera kumwambako mu November 1957. Belka ndi Strelka anabwera amoyo mu August 1960. Pambuyo pake mpamene munthu anakwera. Zimene zinachitikira nyamazo nzomvetsa chisoni, ndipo ziyenera kukumbutsa ofufuza kuti nawonso ali ndi mangaŵa kwa zamoyo zimene amagwiritsira ntchito. Koma mfundo njakuti ngakhale anthu ofulumira aja anaona kuti kufunsa kuyenera kutsogola. Paja amati safunsa anadya phula.

Kuvomera kumakhala ndi tanthauzo pamene wovomerayo wauzidwa zonse zimene wotumayo akanatha kudziŵa. Dokotala amene sanapime magazi a wodwala pofuna kusunga ndalama sangadzitetezere ndi pepala limene wodwalayo anasaina asanachitidwe opaleshoni. Wodwalayo anavomera ngozi ya opaleshoni. Sanavomere kuumira kwa dokotala. Ndiponso, kufunitsitsa kwa wopitayo kumakulitsa thayo la wotuma mmalo mwa kulichepetsa. Munthu amene wayembekezera ulendo kwa zaka khumi kapena kuposapo, akumadziŵa kuti ena ambiri ali pamzere kumbuyo kwake, sangafulumire kunena kuti, 'Imani kaye, izi sizinafufuzidwe.' Wina amene sakupita ayenera kumnenera mawu amenewo. Mu 2014 bungwe la Institute of Medicine la ku United States, litapemphedwa ndi NASA kupenda nkhani imeneyi, linati ngati malamulo a zathanzi ati alumphidwe, bungwe lotumalo liyenera kupitirizabe kuphunzira za ngozizo, kuuza opitawo zonse zimene lapeza, ndi kusamalira thanzi lawo kwa moyo wonse.

Mbiri ikusonyeza zimene zimachitika mawu ochenjeza akamira m'phokoso la kufulumira. Usiku wa pa January 27, 1986, mainjiniya anachenjeza kuti kuzizira kungaumitse mphira zotseka m'mfundo za roketi za chombo cha Challenger. M'maŵa mwake chombocho chinaloledwa kunyamuka, ndipo chinasweka patapita masekondi 73, nichipha anthu asanu ndi aŵiri, mmodzi wa iwo mphunzitsi wa sukulu. Pa February 1, 2003, Columbia, chombo chomwe chija chinanyamula tiana ta makakana, chinasweka pobwerera padziko, ndipo enanso asanu ndi aŵiri anafa. Komiti yofufuza ngoziyo inapeza kuti choipha sichinali chabe chidutswa chimene chinaboola phiko ponyamuka. Inatchulanso zaka za kuchepa kwa ndalama ndi chitsenderezo cha kusunga masiku oikika. Onse 14 anali atavomera kupita. Palibe anayesa kunena kuti kuvomerako kunathetsa mlandu.

Kodi Sizingayembekeze?

Pangakhalenso lingaliro lakuti kufufuza kungaimitsidwe zaka zingapo ndi kudzayambidwanso ndalama zikapezeka, monga mmene munthu amaimitsira nyumba pa lintala. Koma chidziŵitso sichikhala m'mabuku mokha. Chimakhala mwa anthu. Siginala sanaphunzire nyanja m'kalasi. Anaiphunzira mwa kutsagana ndi akulu usiku ndi usiku, kumva mmene mphepo imasinthira, kuona mtundu wa mitambo pamwamba pa mapiri. Mbadwo umodzi ukaleka kutsika m'madzi ndi akulu, nzeru imeneyo imaloŵa m'manda, ndipo palibe ndalama ingaiukitse msanga. Nchimodzimodzi ndi nyumba yofufuziramo. Ikatsekedwa, mphunzitsi wamkulu amapuma pantchito, ophunzira ake amakafuna ntchito kwina, ndipo amene ankadziŵa kusunga nsomba kapena mbeŵa zamoyo m'bokosi lotsekeka kwa mwezi wathunthu sapezekanso. Lipoti la akatswiri la mu 2011 linadandaula kuti kudula kwa m'zaka zapakati pa 2000 ndi 2010 kunafooketsa kwambiri gulu la ofufuza a mtundu umenewu ku United States.

Ndiponso nthaŵi njochepa. International Space Station, mmene anthu akhalamo mosalekeza kuyambira November 2000, yakalamba. Makonzedwe ngakuti igwire ntchito kufikira cha mu 2030, ndipo mu June 2024 NASA inapatsa kampani ya SpaceX ntchito ya madola ofika mamiliyoni 843 yopanga chombo chodzaigwetsera m'nyanja yaikulu. Makampani ena akulonjeza masiteshoni awoawo, ndipo China ili ndi yake yotchedwa Tiangong, imene inamalizidwa mu 2022. Koma chaka chilichonse chimene zipinda zofufuziramo za siteshoni yakaleyo sizikugwiritsiridwa ntchito mokwanira sichidzabweranso.

Funso lina lalikulu likali chikhalire. Pa Mars munthu amalemera 38 peresenti ya kulemera kwake kwa padziko lapansi, ndipo pamwezi amalemera gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi. Kodi kulemera kochepako nkokwanira kusunga mafupa, mtima ndi maso kwa chaka chathunthu? Anthu amene anakhalitsa pamwezi, a ulendo wa Apollo 17 mu December 1972, anathapo masiku atatu okha. Kuti funsoli liyankhidwe, panakonzedwa chipinda chapadera cha pa siteshoni, chokhala ndi gudumu lalikulu la mamita 2.5 lozungulira mofulumira, mmene nyama ndi zomera zikanakhala pakulemera kulikonse kumene ofufuza akanasankha, kwa Mars kapena kwa mwezi. Dziko la Japan ndilo linali kuchipanga. Mu 2005, pamene ndalama zinali kusamutsidwira ku maroketi a ku mwezi, NASA inathetsa ntchitoyo. Pambuyo pake timagudumu tating'onopo toyeserapo mbeŵa zoŵerengeka tinatumizidwa, ndipo taphunzitsa ofufuza zina. Koma chipinda chachikulucho sichinachoke pansi. Chigoba chake chinaikidwa panja pamalo a zam'mlengalenga a ku Tsukuba, kumpoto chakum'maŵa kwa Tokyo, kuti alendo azichiona.